Zipere za m'mutu: bwanji mapiritsi a masabata 6 pomwe kirimu ilipo?

MayiWaKuChibavi

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mumagwira ntchito za mankhwala.

Mnyamata wanga wazaka 8, yemwe ali Sitandade 3, watuluka zipere m'mutu. Zinayamba ndi kachigamba kamodzi kozungulira pamwamba pa khutu lamanzere. Pano zafalikira mpaka kunkhongo. Akamakanda pamayoyoka toyera pa kolala ya yunifomu, ndipo ukayang'anitsitsa padzuwa tsitsilo silinazuke ayi, laduka pafupi ndi khungu, pangotsala timadontho takuda.

Agogo ake anabwera ndi kirimu imene anagula kumsika, kachubu kolembedwa kuti kamachiza zinthu zitatu nthawi imodzi. Titapaka, kuyabwa kunaleka tsiku lomwelo, kufiira kunazilala, tonse tinati basi zatha. Kachubu katangotha zinabwerera mwamphamvu, ndipo ndi pamene zinafalikira. Aneba ena akuti ndipake buleki fuluwidi, ena akuti utomoni wa papaya wamuwisi. Zimenezo ndakana, mutu wa mwana wanga si galimoto.

Lachiwiri ndinapita naye ku chipatala cha Mapale. Anamukweza pa sikelo, 24 kg, n'kumulembera griseofulvin 500 mg, piritsi limodzi tsiku lililonse kwa masabata 6, azimwa atadya. Mafunso anandibwerera nditafika kale kunyumba.

Matendawa ali kunja, pakhungu, ndikuwaona ndi maso. Nanga mapiritsi akukatani m'mimba? Ndipo masabata 6 onsewo chiwindi cha mwana chipirira?

Chinanso. Chaka chatha ndinavutika ndi mauka, anandipatsa fluconazole kapisozi kamodzi kokha, zinatheratu. Akuti nayenso ndi mankhwala a fangasi. Alamu anga amalandira fluconazole yemweyo mwezi ndi mwezi limodzi ndi ma ARV, ndipo akuti atha kundigawirako tiwiri kapena titatu kuti mwana asavutike ndi mapiritsi ambirimbiri. Kodi n'zotheka?

Chomaliza, inenso kachigamba kandituluka kamodzi pamkono, pamene amatsamira tikamawerenga madzulo. Ndingamabenthuleko theka la piritsi lake? Ndinene kuti ndili pa mapiritsi olera, mwina zili ndi kanthu.

Wometa_Zolozolo

Pepani ndi mwanayo mayi. Ine ndiyankhulepo mbali yanga ya kubabashopu.

Sabata yotsegulira sukulu benchi yanga imadzaza ana, ndipo makina ndi omwewo kuyambira m'mawa mpaka magetsi atazima. Kupopera spiriti kamodzi n'kupukuta pa thalauza si kutsuka, ngakhale ambiri mwa ife timatero makasitomala akachuluka. Titsitsi toduka timakanirira pakati pa mano a makina, ndipo ndi timeneto timanyamula zipere kupita kwa mwana wotsatira. Ine ndimamasula mano aja, kuwakwecha ndi mswachi wakale, kenako ndiye kuthira mankhwala. Mwana wa zipere ndimamumeta pomalizira, kapena ndimapempha kholo libwere ndi makina ake. Ena amakwiya, akuti ndikunyoza mwana wawo. Akwiye basi.

Musamumete mpala ndi lezala. Mukangomucheka pang'ono pamalo odwalapo pamabwera mafinya, ntchito yakula. Kuchepetsa ndi sizasi kwakwana.

Ndipo kuno kwathu kukazizira mu June ndi July ana amabwerekana zipewa zoluka zija popita kusukulu m'mawa. Chipewa, chipeso, thaulo ndi pilo zikhale zake yekha, muzichape kawirikawiri. Muwayang'anenso m'mitu abale ake onse, chifukwa kawirikawiri amakhala alipo wina amene ali nazo koma sakudandaula.

WaPaFamase_Katoto

Mayi, amene anakulemberani griseofulvin sanalakwitse, ndipo timadontho takuda mwatchulato ndi timene tikuyankha funso lanu loyamba.

Fangasi, kachilombo koyambitsa zipere, amadya keratin, chinthu cholimba chimene chimapanga tsitsi, zikhadabo ndi khungu lapamwamba. Akakhala pamkono amangoyenda pamwamba, kirimu imamupeza. M'mutu amatsika m'kadzenje momerera tsitsi n'kulowa m'kati mwa tsitsilo, ngati anankafumbwe amene aboola kale njere ya chimanga. Tsitsi limafumbwa m'kati, limaduka, n'kusiya kadontho. Mungapake kirimu m'mawa ndi madzulo mpaka chaka, pansi pamenepo sifika. Njira yofikira ku muzu wa tsitsi ndi magazi basi, n'chifukwa chake mapiritsi.

Za masabata 6, chifukwa chake chili pa mmene mankhwalawa amagwirira ntchito. Griseofulvin samupha fangasi nthawi yomweyo. Amakamatirira ku timaulusi ta m'kati mwa selo ya fangasi timene timakoka ndi kugawa zam'kati selo ikamagawikana pawiri, ndiye fangasi amalephera kuswana. Kuwonjezera apo, mankhwalawa amakakhazikika m'maselo amene akupanga tsitsi latsopano, moti tsitsi lomera kuyambira pano limatuluka lili ndi mankhwala m'kati, fangasi sangalilowe. Koma lakale lodwalalo liyenera kukankhidwira kunja mpaka lithe, ndipo tsitsi limakula pafupifupi 1 cm pamwezi. Simungalifulumizitse. Masabata 6 mpaka 8 ndiye mwachizolowezi, ena amapitirira. Vuto lomwe ndimaliona pa kauntala n'lakuti pofika sabata yachitatu mutu umaoneka bwino, kholo n'kusunga otsalawo kuti adzathandize mng'ono wake. Mwezi wotsatira abweranso onse awiri.

Mlingo amawerengera thupi la mwana. 500 mg pa 24 kg ndi pafupifupi 21 mg pa kilogalamu, zili bwino. Ndi mankhwala akale ndithu: anapezeka mu 1939 kuchokera ku chuku cha mtundu wa Penicillium, n'kuyamba kuperekedwa kwa anthu mu 1958, ndipo ana ambirimbiri amwa.

Pa mawu akuti "atadya" ndiwonjezerepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amataya mankhwala osadziwa. Griseofulvin sasungunuka bwino m'madzi, amafuna mafuta kuti adutse m'matumbo kulowa m'magazi. Tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa chophika ndi chakudya inde, koma mankhwala ambiri angodutsa. Mupatseni ndi phala lotsira nsinjiro, peyala, dzira lokazinga, mkaka, kapena buledi wopaka majarini. Akamavutika kumeza, phwanyani piritsilo musakanize mu supuni ya chiponde.

Masiku oyamba ena amamva mutu, nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono, zimatha zokha. Khungu limathanso kupsa msanga ndi dzuwa. Za chiwindi sizichitikachitika kwa mwana wathanzi, koma mukaona maso achikasu, mkodzo woderapo kwambiri, kusanza kosalekeza kapena totupa thupi lonse, imitsani mubwerere naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kachubu ka agogo kaja, ngati simunataye, werengani tizilembo tating'ono kumbuyo. Ndikukhulupirira mupezapo betamethasone kapena clobetasol. Amenewo ndi ma steroid. Kufiira ndi kuyabwa kuja ndi thupi likulimbana ndi fangasi, ndipo steroid amaziziritsa nkhondoyo. Mwana amagona bwino, inu mumasangalala, fangasi akufalikira popanda womuletsa. Ukapaka nthawi yaitali khungu limapyapyalanso. Ku India makirimu osakaniza oterewa anagwiritsidwa ntchito mosasamala kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko ndi kumene kwafala fangasi wa zipere wotchedwa Trichophyton indotineae, amene nthawi zambiri samva mankhwala ena a zipere otchedwa terbinafine. Ine ndikanakhala ndi mphamvu makirimu amenewa sakanagulitsidwa pa benchi pamodzi ndi sopo.

Tsopano fluconazole. Kunena kuti "mankhwala a fangasi" sikutanthauza kuti onse ndi amodzi. Selo ya fangasi yakutidwa ndi kachikopa kofunika mafuta otchedwa ergosterol, pomwe maselo athu amagwiritsa ntchito cholesterol. Kusiyana kumeneko ndi kumene mankhwala ambiri amapezerapo mpata. Fluconazole, clotrimazole, miconazole ndi ketoconazole ndi banja limodzi, amatseka enzaimu (chinthu cha m'selo choyendetsa ntchito zake) imene imapanga ergosterol, kachikopa n'kufooka. Terbinafine amatseka njira yomweyo koma koyambirira, moti mafuta ena otchedwa squalene amaunjikana m'selo mpaka fangasi kufa. Nystatin, madontho achikasu aja timapatsa makanda a zoyera m'kamwa, amamatirira ku ergosterol weniweniyo n'kuboola kachikopako, koma salowa m'magazi, amangogwira pamene wakhudza. Griseofulvin ali payekha, ndipo kwa Candida, fangasi amene anakuvutani chaka chatha, alibe mphamvu ngakhale pang'ono.

Kapisozi kamodzi ka 150 mg kanakukwanirani chifukwa fluconazole amalowa m'magazi pafupifupi yense, kupitirira 90 peresenti, ndipo amachedwa kutuluka: pamatenga maola pafupifupi 30 kuti atsike ndi theka. Ndiye amakhala m'thupi masiku angapo, ndipo Candida wa pamalo ofewa onyowa safuna zoposa pamenepo. Tsitsi silimera m'masiku atatu. Fluconazole akagwiritsidwa ntchito pa zipere za m'mutu amamwedwanso kwa masabata, pa mlingo wowerengera thupi la mwana. Tiwiri kapena titatu sitichita kanthu kwa mwanayo, koma kwa alamu anu tikhala titaperewera.

Za pamkono panu, piritsi la mwana musalikhudze, ndipo mwachita bwino kutchula zolera. Griseofulvin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mahomoni a m'mapiritsi olera, ngakhalenso a kulera kwa pamkono, moti mutha kutenga pakati muli pa kulera. Choipa china n'chakuti mankhwala omwewo amatha kuvulaza mwana wosabadwa. Ngakhale abambo amalangizidwa kudikira miyezi 6 atamaliza kumwa asanapereke pakati. Inu gulani clotrimazole wa 1 peresenti, payekha wopanda chosakaniza, muzipaka kawiri patsiku mopitirira pang'ono m'mphepete mwa chigambacho, chifukwa fangasi wamoyo amakhala m'mphepetemo osati pakati. Masabata 2 mpaka 4, ndipo chikazimirira pitirizani sabata ina. Mankhwala opaka a Whitfield nawonso amathandiza ngati ndi amene apezeka, kungoti amawawa pang'ono.

NyaKuLuwinga

Yewo a famase, mwafotokoza bwino. Ine ndalowa chifukwa cha nkhani ya alamu anuyo mayi. Chonde musalandire makapisoziwo, ngakhale akukupatsani ndi mtima wabwino.

Achimwene anga anadwala matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi, aja amati cryptococcal meningitis. Ine ndinali gadiyani ku chipatala cha Central. Zinayamba ndi mutu wosamva panado kwa masabata, kenako kusanza, kenako anayamba kunditchula dzina la malemu mayi athu. Chitetezo chinali chitatsikiratu. Anawachotsa madzi a kumsana, osati kamodzi, ndipo chodabwitsa n'chakuti akangowachotsa mutu unkapepuka, ankatha kupempha phala.

Mankhwala ake sindidzaiwala. Dripi yachikasu, amphotericin B, tsiku lililonse kwa sabata. Anesi ankayamba ndi dripi ya madzi wamba kuti ateteze impso, kenako ndiye yachikasuyo, imayenda pang'onopang'ono kwa maola. Ikangofika pakati ankayamba kunjenjemera mpaka bedi kumalira, mano kugundana, ine n'kuwafunditsa bulangete langa ndi chitenje pamwamba. Mkono pamene panali singano panatupa n'kulimba, ankasinthasintha malo. Magazi ankatengedwa pafupipafupi kuona impso, ndipo ankamwa mapiritsi a potaziyamu chifukwa dripiyo imamutaya mu mkodzo. Panalinso flucytosine, kanayi patsiku, maola 6 aliwonse, ndiye ndinkatchera alamu pa foni kuti wa usiku asatidutse.

Dripi itatha anayamba fluconazole 1200 mg, makapisozi 6 a 200 mg kamwe kamodzi. Kenako anatsitsa kufika 800 mg kwa masabata 8, kenako 200 mg tsiku lililonse. Pano ali bwino, anabwerera ku ntchito yawo ya ukalipentala. Koma pa bedi loyandikana nalo panali bambo wina amene anali atabweranso kachiwiri. Mkazi wake anandiuza kuti atachira anaona ngati kakapisozi kamodzi kaja n'kosafunika poti ma ARV akumwa.

Sindikudziwa chimene alamu anu amamwera, ndipo si nkhani yoti muwafunse pagulu. Koma munthu sapatsidwa fluconazole mwezi ndi mwezi popanda chifukwa chachikulu.

MayiWaKuChibavi

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Kachubu ndakapeza pawindo, palembedwadi betamethasone, clotrimazole ndi neomycin. Alamu ndawauza asunge mankhwala awo, ndipo lero mwana wamwera phala la nsinjiro.

A famase, ndifunsenso pang'ono. Kusukulu azipita kapena adikire? Aphunzitsi anamubweza Lolemba. Shampu ya ketoconazole ndinaiona mu famase ina m'tauni, ndi yofunika kapena n'kungotaya ndalama? Akaiwala tsiku limodzi ndimupatse awiri mawa lake? Komanso tili ndi mphaka amene amagona kumiyendo kwake, wathothoka ubweya pafupi ndi khutu.

WaPaFamase_Katoto

Kusukulu apite. Mwana akayamba kumwa mankhwala palibe chifukwa chomusungira kunyumba masabata 6, bola asabwerekane chipewa ndi chipeso monga anenera achimwene a ku Zolozolo. Atengereni aphunzitsi buku la kuchipatala aone okha.

Shampu payokha sichiza, pa chifukwa chomwe chija cha kirimu, koma imachepetsa njere za fangasi zomwe zimayoyoka n'kupatsira ena. Ngati thumba likulola gulani ya 2 peresenti, kawiri kapena katatu pasabata, thovu likhale m'mutu mphindi 5 musanatsukuluze, ndipo abale ake asambenso yomweyo. Ngati ndalama ndi yoti musankhe pakati pa shampu ndi nsinjiro, gulani nsinjiro. Ketoconazole wa shampu ndi wa kirimu alibe vuto, koma wa mapiritsi musalole wina akugulitseni pa nkhani ya zipere. Mu 2013 ku Ulaya anaimitsa mapiritsiwo pa matenda a fangasi, ndipo ku America anawaika malire okhwima, chifukwa cha kuwononga chiwindi.

Akaiwala, mupatseni mukakumbukira tsiku lomwelo. Likadutsa, pitirizani mawa ndi limodzi, osaphatikiza.

Mphakayo mwachita bwino kumutchula. Amphaka ndi agalu amanyamula fangasi wa mtundu wa Microsporum, ndipo pa ameneyo griseofulvin amaposa terbinafine, pomwe pa mitundu ya Trichophyton yopatsirana ana okhaokha terbinafine amatha ntchito m'masabata 4. Timadontho takuda timaloza kwambiri ku mtundu wopatsirana anawo, koma griseofulvin amagwira mbali zonse ziwiri, ndiye musasinthe kanthu. Mphaka achoke pabedi, ndipo akamuone a zaziweto.

Anya Luwinga, zimene munaona pa bedi paja zili ndi chifukwa chake. Amphotericin B ndi m'bale wake wa nystatin, amaboola kachikopa ka fangasi, koma amakhudzako pang'ono ndi cholesterol wa maselo athu, ndiye impso ndi zimene zimalipira. Flucytosine ndi wochenjera mwa njira ina: fangasi ali ndi enzaimu imene imamusandutsa poizoni m'kati mwa selo yake yomwe, enzaimu imene maselo a munthu alibe. Ndipo fluconazole amasankhidwa pa matendawa chifukwa amadutsa bwino kulowa m'madzi a muubongo, kumene mankhwala ambiri safika. Wa 200 mg uja amamwedwa chaka kapena kuposa, mpaka chitetezo chikwere ndipo achipatala anene okha kuti basi.

Sabata ya dripi ija inafupikitsidwa, ndipo a Malawi tinatengapo mbali. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamodzi ndi ku Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anayesa dripi imodzi yokha ya amphotericin wokutidwa m'timipira ta mafuta, 10 mg pa kilogalamu, limodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Zotsatira zinatuluka mu 2022: pofika masabata 10 omwalira anali 24.8 peresenti poyerekeza ndi 28.7 peresenti pa njira ya sabata yathunthu, ndipo mavuto a impso ndi kuchepa kwa magazi anali ochepa. Chaka chomwecho bungwe la WHO linaika njirayi patsogolo. Onani manambalawo bwino: ngakhale ndi mankhwala abwino, mmodzi mwa anayi sanapulumuke.

Ndionjezere za fluconazole poti ambiri mumamugula ngati panado. Enzaimu imene amatseka mwa fangasi ili ndi abale ake m'chiwindi chathu, omwe ntchito yawo ndi kuphwanya mankhwala ena. Akawatseka, mankhwala enawo amaunjikana. Wa shuga amene akumwa glibenclamide shuga amatha kutsika mpaka kukomoka, wa khunyu amene ali pa phenytoin amayamba kudzandira, wa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amatha kutaya magazi. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amachepetsa fluconazole m'magazi. Kwa oyembekezera timapereka clotrimazole woika kumusi osati kapisozi. Ndipo si mauka onse amene ndi fangasi, ena amafuna metronidazole, ndiye kuyezetsa kaye kumapulumutsa ndalama.

Mayi, pa mwanayo yang'anirani chinthu chimodzi. Chigamba chikatupa n'kukhala chofewa, chonyowa, chotuluka mafinya m'timabowo tambiri, mwina ndi mwanabere kukhosi, musalole wina achicheke poganiza kuti ndi chithupsa. Ndi thupi likulimbana ndi fangasi yemweyo mopitirira muyezo, ndipo mukachedwa pamatsala chipsera chosameranso tsitsi. Mapiritsi apitirize, koma mupite naye akamuonenso sabata yomweyo. Zikapanda kutero, bwererani masabata 6 akamatha, mapiritsi asanathe, kuti aone ngati tsitsi latsopano layamba kumera m'zigambamo kapena awonjezere masabata ena awiri.